Mpando wakale ukapitiriza kugwetsa ufa ngakhale munauthira mankhwala

Mpando umenewo ndinaugwirira ntchito milungu itatu. Unali wa mtundu wa Windsor, pokhalira pake pa mtengo wa elm, miyendo ya mtengo wa beech, ngati imene ankapanga yambirimbiri m'tauni ya High Wycombe ku England m'zaka za m'ma 1800. Ndinaumasula wonse, ndinapala guluu wakale, ndinaumatanso, ndinathira mankhwala m'mabowo onse amene ndinawaona, kenako phula ndi kansanza mpaka unawala. Loweruka lina mu Juni ndinapita nawo kumsika wa zinthu zakale umene umachitikira mu holo ya mudzi wina kuno ku England. Cha m'ma 10 koloko kunabwera mayi ena achikulire. Anauyang'ana, anakhalapo, ndipo nkhope yawo inaonetsa kuti aukonda. Kenako anautembenuza miyendo m'mwamba n'kugogoda mwendo wakumbuyo ndi chala. Pansalu yakuda imene ndinayala patebulo panagwa kaufa kotuwa, kochepa ngati kamchere kotsina ndi zala ziwiri. Iwo anati, "Pepani bambo, muli zamoyo umu." Anaubwezera pansi mwaulemu n'kumapita.

Zinandipweteka chifukwa sindinabise kanthu, mankhwala ndinathiradi. Ndipo aliyense amene amakonza mipando, matebulo ndi makabati akale n'kumagulitsa amakumana nalo vutoli chaka ndi chaka. Angelezi amati woodworm. Ife timalidziwa kuchokera kwathu, ndi kufumbwa komwe kuja, kwa nsungwi za padenga zikayamba kugwetsa ufa pamphasa, kapena kwa chimanga chikalowa anankafumbwe. Kusiyana kwake n'kwakuti kachirombo ka kuno kamachita zake pang'onopang'ono kwambiri, ndipo kuchedwako ndi kumene kumatipusitsa.

Bowo limene mukuliona ndi potulukira

Kachirombo kamene kamawononga mipando yambiri ku Britain dzina lake la sayansi ndi Anobium punctatum. Ndi kachikumbu kofiirira, kotalika pafupifupi mamilimita 4. Kakakazi kamaikira mazira m'ming'alu, molumikizira matabwa, kumapeto kwa thabwa kumene linadulidwa, ngakhalenso m'mabowo akale. Pamalo osalala opakidwa polishi sikakondapo, chifukwa mazira amasowa pogwira. Pakatha milungu ingapo mazirawo amaswa timphutsi toyera timene timalowa m'thabwa osasiya chizindikiro chooneka ndi maso. M'katimo timadya mtengo zaka 3 kapena 4, nthawi zina kupitirira apo. Mphutsi ikakhwima imasendera pafupi ndi kunja, imasanduka kachikumbu, n'kuboola kabowo kozungulira ka mamilimita 1 mpaka 2, n'kutuluka. Kuno zimenezi zimachitika kukatentha, makamaka kuyambira Meyi mpaka Ogasiti. Kachikumbuko sikadyanso mtengo. Kamakhala milungu yochepa chabe, kamaikira mazira, n'kufa.

Ndiye bowo lililonse limene mukuliona, mwini wake anasamukamo kale. Amene akudya mpando wanu panopa alibe bowo. Ali m'kati, aliyense m'kanjira kake kotsekedwa kumbuyo ndi ufa umene iye mwini wasiya. Ine ndinkathira mankhwala m'nyumba zopanda anthu, ndipo anzanga ambiri amene ndimakumana nawo m'misika amachita chimodzimodzi.

Chinanso n'chakuti mankhwala opaka ndi bulashi amalowa mamilimita ochepa okha m'thabwa. Mphutsi imene ili pakati pa mwendo wa mpando sayifikira. Imapitiriza kudya mpaka nyengo yake yotuluka, ndipo imakumana ndi mankhwalawo pokhapokha ikafika pafupi ndi kunja. Zina zimafera pomwepo, zina zimaboola ndithu n'kufa zitatuluka. Choncho kuona kabowo katsopano chaka choyamba kapena chachiwiri mutapaka sikutanthauza kuti mankhwala ndi abodza. Chimene mankhwalawo amachita bwino ndi kudula mbewu, kuti mazira atsopano asapulumuke. Koma wogula amene waima patsogolo panu ndi ndalama m'manja alibe nthawi yomvera zonsezi. Iye waona ufa basi.

Ndi zamoyo kapena ndi zakale?

Mipando yambiri ya zaka 100 kapena kuposa ili ndi mabowo, ndipo ambiri mwa mabowowo anatha kale ntchito agogo athu asanabadwe. Musanawononge ndalama pa mankhwala, yambani mwadziwa chimene muli nacho.

Tengani tochi muwalitse m'bowo. Latsopano limakhala ndi milomo yakuthwa, ndipo m'kati mwake mumayera ngati thabwa longodulidwa kumene. Lakale limakhala lakuda, milomo yake yoperepeseka, nthawi zambiri muli fumbi kapena phula la polishi wa zaka zambiri. Ufawo uikeni pachala muutikite. Wa Anobium umamveka ngati mchenga wosalala kwambiri, ndipo mukauona pagalasi lokuza zinthu timibulu take timaoneka ngati timandimu. Ukakhala wofewa ngati ufa woyera wa nsima, ndiye kuti ndi kachirombo kena, Lyctus, kamene kamakonda mbali yoyera ya kunja ya mitengo ya oak ndi ash, makamaka m'matabwa amene sanakhalitse. Mukaona zimenezi pa mpando umene akuti ndi wakale, yang'anitsitsani ngati wina sanalowetsepo thabwa latsopano. Mabowo akuluakulu a mamilimita 3 pa oak wakale ndi a kachikumbu kena kotchedwa deathwatch beetle, koma ameneyo amakonda mitanda ya matchalitchi ndi nyumba zakale, m'mipando sapezekapezeka.

Komabe ufa pawokha si umboni wokwanira. Mpando ukayenda m'vani pamsewu wa mabampu, ufa umene unatsalira m'tinjira zaka 50 zapitazo umagwedezeka n'kutuluka. Mayi aja akanatha kulakwitsa. Sanalakwitse, chifukwa nditafika kunyumba ndinapeza mabowo awiri oyera mbee pamwendo womwewo, pamalo pamene ndikudziwa kuti panali posalala ndikamapaka phula.

Njira yokhayo imene ndimaikhulupirira ndi iyi. Tembenuzani katunduyo, mugogode mbali zonse, mukoke ufa wonse ndi makina okokera fumbi. Tsekani mabowo onse ndi phula, osasiyako ngakhale limodzi. Yalani pepala lakuda pansi, lembanipo tsiku, muimikepo katunduyo pamalo pamene palibe amene angamamugunde. Bowo lililonse lotseguka limene mudzalione pambuyo pake ndi latsopano, palibenso zokayikira. Koma kuyesaku kumafuna nyengo yotentha. Mpando umene wakhala chete kuyambira Novembala mpaka Malichi sunakuuzeni kalikonse, chifukwa nthawi imeneyo sikutuluka kanthu ngakhale m'kati mutadzaza mphutsi. Mu Juni ndi Julayi muziyang'ananso pawindo la chipindacho. Tizikumbuti timathamangira kowala, ndipo mumatipeza titafa m'munsi mwa galasi.

Pogula ndi pamene vutoli limalowera. Misika ikuluikulu ngati wa ku Newark ku Nottinghamshire, wa ku Ardingly ku West Sussex, kapena wa Lachiwiri ku Kempton Park, malonda abwino amatha m'mamawa, katundu akungotsitsidwa m'magalimoto, ndipo m'miyezi yozizira kumakhala kusanache. Munthu umathamangira kulipira kuopa kuti wina akulanda. Tochi isachoke m'thumba. Musataye nthawi kuyang'ana pamwamba powala. Kabati ya nthawi ya Mfumukazi Victoria, amene analamulira kuyambira 1837 mpaka 1901, imakhala ndi mahogany kunja, ndipo mtima wa mahogany tizirombo timeneti sitiukonda, monga momwe mtima wa mlombwa kapena mkungudza wa ku Mulanje umapirira kwathu. Koma kawirikawiri mahogany ameneyo ndi kachikopa kopyapyala komatidwa pa paini. Yang'anani kumbuyo, pansi pa madirowa, pa timitengo tomatidwa m'makona, ndi pa miyendo imene yakhala ikugunda pansi ponyowa. Pa mipando yokutidwa ndi nsalu, mafupa ake nthawi zambiri ndi a beech, ndipo beech amafumbwa msanga. Walnut nayenso chimodzimodzi. Choipitsitsa ndi pulayiwudi wakale wa m'zaka za m'ma 1920 mpaka 1950, womatidwa ndi guluu wochokera ku nyama kapena mkaka. Kwa mphutsi ameneyo ndi nsima ndi ndiwo zomwe. Madengu ndi mipando yolukidwa ndi willow nayonso musaiiwale.

Kuthira mankhwala moyenera

Ogulitsidwa m'masitolo a kuno ndi a mitundu iwiri makamaka, a permethrin ndi a boron. Onani kuti pachitini pali nambala ya chilolezo cha HSE, bungwe la boma loona za umoyo ndi chitetezo pa ntchito, ndipo werengani malangizo ake onse. Pakani pamalo onse opanda polishi: pansi, kumbuyo, m'kati mwa kabati, madirowa mutawasolola, mapazi a miyendo. Pakani mpaka thabwa linyowe, lisiyeni limwe, mubwerezenso. Mabowo athireninso ndi sirinji, chifukwa tinjira tina timalumikizana ndipo mankhwala amalowerako m'kati, koma tchingani maso chifukwa mukathira bowo ili amatha kuthovokera pa bowo lina. Ngati mwamasula mpando kuti muumatenso, imeneyo ndiyo nthawi yabwino koposa. Pakani molumikizira monse, musiye kuti muume bwinobwino musanaike guluu.

Yesani kaye pakona yobisika. Mipando yambiri yakale ili ndi polishi wa shellac, amene amasungunuka ndi spiriti, ndipo madzi amamusiyira zipsera zoyera. Akadonthera powala pukutani nthawi yomweyo. Gwirirani ntchito pamalo opita mphepo, mutavala magolovesi. Amene muli ndi amphaka, permethrin ndi poizoni woopsa kwa mphaka, komanso kwa nsomba ndi njuchi. Mphaka asayandikire mpaka zonse zitauma, ndipo zotsala musatayire m'ngalande.

Mnzanga wina wakwathu anandiuza kuti, "Achimwene, bwanji osangothira palafini kapena oyilo wakutha ngati momwe timachitira ndi mapaso kumudzi?" Chonde musayerekeze. Fungo silichoka, thabwa limada, ndipo guluu ndi polishi sizigwiranso pamalo pamene pamwa mafuta. Mankhwala osungira chimanga nawonso sanapangidwire mipando yokhalira anthu.

Chimene chimapha mphutsi zonse nthawi imodzi, ndi mazira omwe, ndi kuzizira kapena kutentha. Nyumba zosungiramo zinthu zakale zimagwiritsa ntchito firiji: masiku 14 pa -18°C, kumene ndi kuzizira kwa firiji yabokosi ya panyumba, kapena masiku 3 pa -30°C. Kulungani katunduyo m'pulasitiki, mutulutse mpweya wambiri momwe mungathere, mumate bwino ndi tepi. Mukamutulutsa musamasule msanga. Musiyeni tsiku lathunthu kapena awiri, kuti mame agwire papulasitiki, osati pathabwa. Timabokosi, timipando ting'onoting'ono, madirowa ndi miyendo yomasulidwa ndimachita nazo chomwechi. Koma za kachikopa kopyapyala komatidwa, zokongoletsedwa ndi mkuwa kapena zigoba, zopentedwa ndi za magalasi sindiziika m'firiji, chifukwa zinthu zosiyana zimafota mosiyana ndipo zimatha kusweka kapena kumatuka. Zoterozo, ngati ndi za mtengo wapatali, pali makampani amene amaziika m'chipinda chotenthetsa mpaka pakati pa thabwa pafike madigiri oposa 50, uku akusamala chinyezi kuti thabwa lisang'ambike. Ndi zodula. Pa mpando wa mapaundi 60 simungabweze ndalama, koma pa kabati yabwino ya walnut n'zoyenera.

Kumene vuto langa linkachokera

Apa ndi pamene ndikufuna mumvetsere, chifukwa ndinataya zaka ziwiri ndisanazindikire. Si mpando wa Windsor wokha umene unandichititsa manyazi. Katebulo kena kamene ndinagula kalibe bowo ngakhale limodzi kanadzayamba kugwetsa ufa katakhala kwa ine nthawi yaitali. Ndinkaganiza kuti ndimagula mosasamala. Tsiku lina mayi a kunyumba akundithandiza kusesa m'galaja anandiitana. "Bambo, tabwerani mudzaone kuseri kwa bokosi lanu lija."

Linali bokosi la tiyi la pulayiwudi, aja ankatumiziramo tiyi pa sitima zapamadzi, amene anthu kuno ankawagwiritsanso ntchito posamuka nyumba. Ndinaligula chifukwa pambali pake panadindidwa dzina la Malawi, ndipo ndikaliona ndinkakumbuka minda ya tiyi ya ku Thyolo. Ndinkasungiramo nsanza ndi zidutswa za matabwa. Titalisuntha, pasimenti panali mzere wa ufa kuzungulira malo onse pamene linakhala, ndipo pansi pake chala chinkalowa ngati mu buledi. Chaka chilichonse kukatentha tizikumbu tinkatuluka m'menemo n'kumaikira mazira pa chilichonse chimene ndinabweretsa. Ndinadula mbali yodindidwa ija, ndinaiika m'firiji milungu iwiri, ndipo pano ili pakhoma m'nyumba. Zotsalazo ndinakataya tsiku lomwelo.

Galajayo inalinso ndi mlandu. Mphutsi zimenezi zimafuna thabwa lokhala ndi chinyezi. Chikatsika pansi pa 12 peresenti zimavutika kukula, n'chifukwa chake m'nyumba zotenthetsedwa bwino vutoli limazilala lokha pakapita zaka. Koma m'galaja kapena m'shedi yopanda chotenthetsera, m'nyengo yozizira ya kuno, thabwa limatha kupitirira 15 peresenti. Ife ogulitsa timagula katundu amene wakhala mouma, n'kukamuunjika ponyowa, pasimenti, titamufunditsa pulasitiki, moyandikana ndi zina zimene sitinaziyeze. Tikatero tawakonzera tokha malo oswanirana.

Kamakina koyezera chinyezi m'thabwa n'kotsika mtengo, gulani. Katundu asagunde pasimenti kapena kukhoma, muikireni timitengo pansi kuti mphepo izidutsa. Fundirani ndi mabulangete akale kapena nsalu, osati pulasitiki. Ngati magetsi alipo, makina okoka chinyezi mumpweya amathandiza kwambiri. Chilichonse chatsopano chizikhala pachokha, papepala lake lakuda, kutali ndi zimene mwamaliza kukonza. Ndipo yang'anani galajayo mwini wake: mashelefu, mitanda ya denga, chitseko, mulu wa nkhuni, zogwirira za makasu ndi mafosholo, zidutswa za matabwa akale zimene tonsefe timasunga kuti tidzakonzere zina. Zidutswa zimenezo ndi zoopsa kawiri, chifukwa mukhoza kulowetsa mphutsi ndi manja anu mu mpando umene unali wabwinobwino.

Thabwa likafooka

Kupha tizirombo sikubwezera mphamvu ya mtengo. Tengani singano yaikulu kapena kamsomali mubaye pamalo obisika pafupi ndi mabowo. Ikakana kulowa, thabwa likadali lolimba, tsekani mabowo ndi phula lolimba la mtundu wofanana ndi thabwalo, basi. Ikalowa mosavuta, m'kati mwasanduka chisa cha njuchi. Pa zokongoletsa ndi mbali zosanyamula katundu mukhoza kulimbitsa pomwetsa guluu wachikopa (wopangidwa kuchokera ku zikopa za nyama) wosungunula kwambiri akadali wofunda, kapena utomoni wolimbitsira wotchedwa Paraloid B72 wosungunula m'mankhwala a acetone, pang'onopang'ono ndi sirinji kwa masiku angapo. Koma mwendo wa mpando kapena mtanda wonyamula munthu ukafika pamenepo, usintheni. Ndimakonda kusunga thabwa loyambirira paliponse pamene ndingathe, koma sindingagulitse mpando umene ungathyokere gogo wa munthu. Polumikiza gwiritsani ntchito guluu wachikopa, chifukwa wodzakonza pambuyo panu adzatha kumasula ndi madzi ofunda osaswa kanthu.

Musapale kwambiri ndi sandipepa pamalo ofumbwa. Pansi pa khungu losalalalo pali tinjira toyenda m'litali mwa thabwa, ndipo mukatitsegula simungatibisenso. Odziwa malonda akaona tinjira totere poyera amadziwa kuti thabwalo linapalidwa kapena kudulidwa litafumbwa kale, ndipo amayamba kukayikira mpando wonse.

Pamsika

Lamulo la Consumer Rights Act la 2015 limati katundu amene wamalonda wagulitsa ayenera kufanana ndi momwe anamufotokozera, ndipo ngati sali choncho wogula ali ndi masiku 30 oti amubweze n'kulandira ndalama zake. Limakhudzanso zinthu zakale. Mukanena kuti mulibe zamoyo pamene simunayeze, mwadziika pamavuto nokha. Komanso m'misika ya m'midzi nkhope ndi zomwezomwezo mwezi ndi mwezi, ndipo wogula amene tizirombo tanu talowa m'kabati ya amayi ake sadzasunga pakamwa.

Masiku ano chilichonse chimene chinali ndi mabowo ndimachimangirira kapepala. Ndimalembapo mtundu wa mtengo, zaka zake mongoyerekeza, mwezi ndi chaka chimene ndinathira mankhwala, dzina la mankhwalawo, ngati chadutsa nyengo yotentha popanda bowo latsopano, ndi mbali iliyonse imene ndinasintha. Ndisanapakire m'vani ndimagogoda ndi kukoka ufa wakale, ndipo ndikafika ndimagogodanso ndekha anthu asanayambe kulowa. Kumisika ya pabwalo ndimayala matabwa kapena kapeti yakale kuti miyendo isamwe mame a paudzu. Chimene ndikuchikayikira sindipita nacho, ngakhale tebulo langa lioneke lopanda kanthu. Izi zikutanthauza kuti ndalama imagona m'galaja miyezi yambiri, ndipo pa ntchito ya phindu lochepa ngati ino zimawawa ndithu. N'chifukwa chake pogula katundu wa mabowo oyera ndimatsitsa mtengo kwambiri, kapena ndimamusiya.

Mpando wa Windsor uja ndinaumasulanso. Miyendo itatu ndi zopingasa zake zinakhala m'firiji masiku 14, mwendo wachinayi unali utafooka ndipo ndinausintha ndi wina wa beech, pokhalira pake ndinapaka mankhwala kunsi konse. Unakhala papepala lakuda m'chipinda chouma mpaka Seputembala wa chaka chotsatira, pepala lili mbee. Ndinaugulitsa mu Okutobala, pamtengo wotsikirapo chifukwa cha mwendo watsopanowo. Bambo amene anaugula anawerenga kapepala konse, kenako anafunsa ngati angauike kukhitchini pafupi ndi chotenthetsera nyumba. Ndinawauza kuti chipinda chofunda ndi chouma ndi chabwino kwambiri kwa mpandowo, koma ausiye patali pang'ono ndi chitsulo chotenthacho, chifukwa elm wa pokhalira akauma mbali imodzi amapindika ndipo miyendo imayamba kugwedera.